Ludzu la Amake Yankho

Chaka chija kwacha inagwa mphamvu, anthu a pa Mitundu anasiya kugula zotsekemera. Munthu ankatha kuima m'golosale, kuyang'ana botolo lozizira m'firiji, kumeza malovu, kenako n'kugula sopo ndi mchere n'kumapita. Ana asukulu amene kale ankaguluka pa buleki kuthamangira mbuliuli anayamba kutenga mbatata yophika kunyumba. Nyengoyo inapweteka ambiri, koma amene anailira mokweza kuposa onse anali Efulemu.

Efulemuyu anali ndi kampani. Musaseke, mwini wake ankaitchula choncho. Chinali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba, migolo iwiri yapulasitiki, firiji, makina omatira timapepala, ndi amayi atatu aganyu. Mmenemo ankapanga juwisi wa malambe wotchedwa Tsitsimula, mafirizesi ndi mbuliuli. Ankakonda kuti anthu azimuitana a Dairekita, ndipo anthu a pa Mitundu, poti ndi akatswiri pa zoseka munthu ali pomwepo, ankamuitanadi choncho.

Koma amene ananyamula kampaniyo anali mkazi wake, Loveness, amake Yankho. Mgolo uliwonse ukasakanizidwa, palibe botolo linkadzazidwa Loveness asanalawe. Ankapsontha, kutseka maso, n'kunena ngati shuga wachepa kapena malambe awawasitsa, ndipo sankaphonya. Anali mayi wokonda kudya mosabisa. Chimanga chootcha, mango aawisi othira mchere, tiyi wa shuga wambiri, zonsezi ankazidya akuseka, mwakuti iwe womuonerera njala inkakugwira ngakhale utangodya kumene.

Shuga atakwera mtengo, mabotolo atakwera, magetsi nawo akuthimathima, Efulemu anachita zimene amachita anthu amantha. Anaonjezera madzi m'migolo, anachepetsa malambe, mtengo wa botolo n'kuukweza. Loveness atalawa mgolo woyamba wa mtunduwo analavulira panja, n'kumuuza mwamuna wake kuti amenewo ndi madzi otsukira mbale, ndipo anthu si ana. Efulemu sanamve. Pasanathe mwezi eni magolosale anayamba kubweza makireti osatsegula, firiji inangoti duu ndi katundu, ndipo aganyu awiri anawauza kuti ayambe apuma.

Chimene chinkamudya mtima kwambiri sichinali umphawi wokha ayi. Chinali Bester. Bamboyu kale ankakwezera Efulemu makireti pa njinga, kenako anatsegula kake kabizinesi ka juwisi cha kumsika. Zinthu zitavuta, Bester sanakhudze kakomedwe ka juwisi wake. Anangochepetsa botolo, n'kuika mtengo woti mayi wogulitsa tomato angakwanitse. Anayenda yekha golosale ndi golosale kufotokoza mosabisa kuti botolo lachepa chifukwa cha shuga. Mbuliuli anaziika m'timapaketi ting'onoting'ono, aganyu ake ankasinthana masiku m'malo mochotsedwa. Sankalemera, nsapato zake zinali zomwe zija, koma njinga yake inkabwerako ku msika ndi makireti opanda kanthu.

Loveness anamuuza mwamuna wake kangapo kuti achite chimodzimodzi, apirire pang'ono mpaka nyengo isinthe. Efulemu anapsa mtima. Iye, mwini kampani, aonere kwa munthu amene ankamupalasira njinga? Anati bola kutseka. Koma kutsekako sankakufunanso, ndiye kutacha tsiku lina anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Nathenje, kumene wogulitsa nyama wina anamunong'oneza kuti kuli munthu wodziwa kukonza mabizinesi, dzina lawo a Jeremiya.

Anawapeza masana dzuwa lili paliwombo, m'kachipinda kuseri kwa chigayo. A Jeremiya sankaoneka ngati sing'anga. Anavala shati yoyera yosita bwino, cholembera m'thumba, ngati kalaliki wa ku ofesi. M'chipindamo munalibe nsupa kapena mikanda, munali mipando iwiri basi. Chinamudabwitsa Efulemu n'chakuti kunja chigayo chinkalira, koma chitseko chitangotsekedwa munati zii ngati m'dzenje.

Anafotokoza mavuto ake onse, n'kumaliza ndi mawu akuti anthu alibe ndalama.

"Ndalama ali nazo," anatero a Jeremiya motsitsa mawu. "Ya mchere ali nayo. Ya chigayo ali nayo. Ya mankhwala a mwana ali nayo. Chimene alibe ndi ludzu lokwanira. Muwapatse ludzu, ndalamazo azibweretsa okha."

Efulemu anafunsa ngati angamupangire mankhwala a ludzulo.

"Ine ludzu sindipanga, bambo. Ndimangolisamutsa. Lichoke mwa munthu mmodzi, lilowe m'migolo mwanu. Kwanuko amalawa ndani?"

Efulemu anatchula mkazi wake.

"Amadya bwino?"

"Kwambiri."

"Ndiye mwabwera ndi chuma chanu kale," anatero akumwetulira.

Anatulutsa kapu yaing'ono yachitsulo, yakale, yosupuka m'mphepete. Malamulo ake anali ochepa. Mgolo uliwonse, wolawa alawire m'kapu imeneyo, ndipo zotsala zake zibwezedwe mu mgolomo. Wolawayo akhale wa m'nyumba, womwa chimene Efulemu wamupatsa osakayika. Ndipo Efulemu mwini wake asadzayerekeze kulawa, ngakhale dontho.

"Nanga iyeyo chimuchitikire n'chiyani?" anafunsa Efulemu.

"Sadzamva kuwawa. Azingofuna zinthu pang'ono kuposa dzulo lake."

"Mpaka liti?"

"Mpaka inu mutakhuta. Tsiku limene mudzafune kuleka, dzalaweni nokha, zidzathera pomwepo. Kungoti ludzu lonse limene mudzakhale mutagulitsa lidzabwerera kudzafuna pokhala, ndipo lidzapeza inu."

Efulemu atapisa dzanja m'thumba kuti alipire, a Jeremiya anapukusa mutu, n'kunena kuti zawo amalandirira kwina.

Abale, musaganize kuti munthuyu sanamve. Anamva zonse. Koma anadziuza kuti ndi migolo itatu yokha, angodzuka pamene wagwapa, kenako kapuyo akaiponye mu mtsinje wa Nathenje. Anadziuzanso kuti mkazi wake ndi wonenepa, kuchepetsako kudya sikungamuphe. Mmawa mwake anatunga juwisi m'kapu ija, n'kumupatsa Loveness. Mayiyo anapsontha, anakwinya nkhope, anati madzi achulukabe. Atatembenuka kuti atuluke, Efulemu anakhuthulira zotsalazo mu mgolo n'kuvundula.

Tsiku la msika lotsatira, makireti onse anatha dzuwa lisanafike pamutu. Juwisi yemwe uja, wamadzimadzi yemwe uja, pa mtengo wokwera womwe uja. Eni magolosale amene ankamubwezera katundu anayamba kumuimbira foni akuchonderera. Migolo itatu ija inatha sabata imodzi, ndipo Efulemu sanapite kumtsinje. Anagula migolo ina inayi, anaitana aganyu aja, anaonjezera ena. Pofika nthawi yokolola anali ndi galimoto yabokosi yolembedwa Tsitsimula mbali zonse, ikuzungulira ku Malingunde, ku Nathenje mpaka ku Diamphwe. Akakumana ndi Bester akupalasa njinga, ankaliza hutala n'kumusiya m'fumbi.

Koma kagulidwe kake sikanali kosangalatsa kuonerera. Munthu ankamwa botolo limodzi, n'kuima pomwepo akunyambita milomo, n'kugula lachiwiri, lachitatu, n'kuchoka kukhosi kuli gwa kuposa mmene anabwerera. Mayi wina anatsitsa thumba la chimanga pakhomo pa golosale, ndalama ya chigayo n'kumwera yonse, ndipo anabwerera kwawo ndi chimanga chosagaya akulira. Ana ankagubuduka pansi kulirira Tsitsimula. Efulemu ankaziona zimenezi, n'kumayang'ana kumbali.

Kunyumba zinayamba pang'onopang'ono. Choyamba Loveness anasiya tiyi wa mmawa atamwa theka. Kenako nyengo ya chimanga chachiwisi inadutsa osaotchako n'chimodzi chomwe. Ankakhala pa chakudya, kutenga kamodzi kawiri, n'kusamba m'manja, akuti sakumva njala. Sankadwala mutu, sankatentha thupi, sankadandaula kalikonse. Tsiku lina Efulemu anazindikira kuti kuyambira mmawa mpaka madzulo, m'kamwa mwa mkazi wake simunalowe china chilichonse kupatula timapsontho ta m'kapu ija, ndipo migolo inali itafika isanu ndi umodzi patsiku.

Si chakudya chokha chimene chinatha. Loveness anasiya kupita ku Mvano, iye amene ankayambitsa nyimbo. Efulemu anamugulira zitenje zodula ku Lilongwe, mwina pofuna kutonthoza mtima wake womwe, koma mayiyo anangoziyang'ana n'kuthokoza, n'kuziika pansi. Chiseko chija chinazima. Madiresi anayamba kumulendewera ngati aanikidwa pa chingwe. Ankakhala pakhonde tsiku lonse manja ali pamiyendo, ndipo mwamuna wake akabwera ndi kapu, ankatsegula pakamwa osafunsa.

Achibale ataumiriza, anamutengera ku chipatala cha ku Nkhoma. Madokotala anamuyeza magazi, chifuwa, m'mimba, zonse, ndipo anamuika madiripi n'kumugoneka. Masiku atatu oyamba anayamba kubwerera mphamvu, mpaka anapempha phala. Koma ku Mitundu migolo yosalawidwa inabwerera kukhala madzi otsukira mbale. Efulemu anayesa kulawitsa mmodzi wa aganyu, koma sizinagwire, makireti anabwerera ali odzadza.

Ndiye tamverani zimene anachita munthuyu. Anatunga pang'ono mu mgolo uliwonse m'timabotolo, anaika m'chikwama pamodzi ndi kapu ija, n'kuyendetsa galimoto mpaka ku Nkhoma pa nthawi yoona odwala. Anakhala pambali pa bedi, anadzutsa mutu wa mkazi wake mwachikondi, n'kumamwetsa kamodzikamodzi, zotsala akubwezera m'timabotolo. Amayi odikirira odwala m'wodimo anamuyamikira kwambiri. Anati amuna otere ndi osowa masiku ano, oyenda ulendo wonsewo tsiku ndi tsiku kudzamwetsa mkazi ndi dzanja lawo. Efulemu anathokoza, maso ali pansi. Phala lija Loveness sanalipemphenso.

Atatuluka m'chipatala anali mafupa okhaokha. Apa mantha anamugwira Efulemu zenizeni, pakuti mkazi wake ankamukonda, mwa njira yake yopotokayo. Anathamangira ku Nathenje, anawapeza a Jeremiya atakhala pampando womwe uja, shati yoyera yomwe ija. Anagwada, anapempha kuti pakhale njira ina, apereke galimoto, apereke nyumba.

"Njira ndinakuuzani kale. Lawani."

Efulemu anati zimenezo sangathe.

"Ndiye pitirizani. Mayiwa atsala ndi migolo yochepa, koma si vuto. Ndamva kuti muli ndi mwana wamkazi wokwatiwa ku Diamphwe. Akuti anatengera amake pa kadyedwe."

Efulemu anadzuka n'kutukwana, analumbira kuti mwana wake yekha ayi. A Jeremiya anangomutsegulira chitseko mwaulemu, phokoso la chigayo n'kumugwera m'makutu.

Atafika kunyumba anapeza Yankho wafika kudzasamalira amayi ake. Anali woyembekezera, mimba ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anakhala pakhonde pafupi ndi mphasa ya wodwalayo akudya mango aawisi ndi mchere. Ankadya ngati mmene ankadyera amake, madzi a mango akutsikira m'chigongono. Efulemu anamupatsa moni mwana wake, koma anadzipeza akuyang'anitsitsa pakamwa pake, ndipo anachita nazo mantha yekha.

Masiku awiri sanasakanize mgolo. Foni inalira osapuma. Eni magolosale ankakalipa, wina anati Bester wayamba kale kulowa m'malo mwake ndi timabotolo take tija. Mawu amenewo ndiwo anamuthyola. Mmawa wa tsiku la msika anadzutsa aganyu, anasakaniza migolo isanu ndi umodzi, galimoto inaima pabwalo injini ikulira. Anatunga m'kapu ija n'kupita pakhonde.

Loveness anagona chagada, milomo ili yong'aluka, maso ali olowa. Efulemu anayesa kumudzutsa mutu koma juwisiyo anangotsikira m'tsaya, mayiyo sankathanso kumeza bwino. Yankho anadandaula kuti amayi ake akuvutitsidwa.

"Ababa, asiyeni amayi apume," anatero. "Bweretsani ndilawe ine. Si lilime ndinatengera lawo?"

Aganyu anaima pakhomo la fakitale akudikira. Dalaivala analiza hutala. Efulemu anayang'ana mwana wake, anayang'ana mimba ija, anayang'ananso galimoto. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti anakana. Sanakane. Anatambasula dzanja, n'kumupatsa mwana wake kapuyo.

Yankho atainyamula kuti ifike pakamwa, dzanja lowonda linamugwira pamkono. Loveness, amene anali asanadzutse chala kwa masiku ambiri, anagwira mwamphamvu mpaka kapu inagwedezeka.

"Iwe ayi," anatero ndi mawu osasa.

Kenako anatembenuzira maso kwa mwamuna wake. Analankhula pang'onopang'ono, akupuma pakati.

"Bambo a Yankho, ndinakuonani mukubwezera zotsala zanga mu mgolo. Poyamba ndinkati ndi umbombo chabe. Pamene ndimazindikira, n'kuti ngakhale mtima wofuna kukana utandithera. Mwanditenga zonse. Chatsala chimodzi chokha chimene ndikuchifunabe, ndi mwana wangayu. Chaka chonse ndalawa ine. Lero lawani inuyo, a Dairekita."

Yankho sanamvetse, anangoyang'ana bambo ake. Aganyu anamva zonse. Efulemu analandira kapu ija. Akanatha kuitaya pansi, koma maso a mkazi wake sanamusiye, ndipo ankadziwa kuti akaitaya, mawa adzatunganso ina n'kumupatsa mwana yemweyo. Anatseka maso n'kumwa yonse.

Masana omwewo Loveness anapempha madzi. Yankho anathamanga ndi chimwemwe, anatunga mumtsuko, anamumwetsa. Mayiyo anamwa kawiri, anamwetulira, anati madziwo ndi okoma, anawaiwala bwanji. Anafuna kumwanso kachitatu koma thupi linali litatha kale. Anamwalira dzuwa lisanapendeke, mutu uli pamiyendo ya mwana wake.

Nthawi imeneyo n'kuti Efulemu ali kuseri, atagwada pa mgolo. Ludzu linayamba ngati kuyabwa kukhosi, kenako ngati wameza phulusa lamoto. Anamwa ndowa ya madzi, anamwa juwisi wa mu mgolo woyamba ndi manja, anasanza, anamwanso. Aganyu anathawa. Pa maliro, anthu ali mkati moimba, anamuona akugugudiza madzi a m'beseni losambira m'manja. Amuna anayi anamugwira, iye akulira ngati mwana, akupempha dontho limodzi lokha. Nkhani inali itamveka kale mudzi wonse, ndipo palibe anamumvera chisoni kwenikweni.

Migolo ija inasasa. Makireti amene anali m'magolosale palibe anawakhudzanso, anthu ankadabwa okha kuti ankaonamo chiyani m'madzi amenewo. Achibale anamutengera ku zipatala, kumapemphero, konse osathandizika. Anapita naye ku Nathenje kukafuna a Jeremiya, koma eni chigayo anawatsegulira kachipinda kaja, muli matumba a gaga okhaokha, ndipo anati simunakhalepo munthu. Galimoto inagulitsidwa, nyumba inagulitsidwa. Yankho anabwerera ku Diamphwe, anabereka mwana wamkazi wathanzi, ndipo dzina la bambo ake salitchula.

Efulemu akadali moyo. Mukamayenda msewu wafumbi wa pakati pa Mitundu ndi Nathenje mudzamuona, atakoleka mabotolo opanda kanthu m'khosi ndi chingwe. Akafika pa mjigo amagwada pansi pa mpopi n'kutsegula pakamwa, ndipo amayi achifundo amamupopera mpaka mikono itawawa. Mimba imatupa, madzi amatulukira m'mphuno, koma akadzuka milomo imakhala yong'aluka ngati sanamwepo chibadwire. Akakupemphani madzi inu n'kumupatsa, amamwa, n'kukuyang'anani mwachisoni, n'kufunsa ngati amake Yankho alawa kale.

Nyengo yovuta ija inadzapepukako, monga zimachitira nyengo zonse. Amene anachepetsa botolo n'kunena zoona, amene analolera kudya pang'ono pamodzi ndi antchito awo, anaidutsa ali ndi mabanja awo. Efulemu akanatha kukhala mmodzi wa iwo, mkazi wake anamuuza njira yake masana poyera. Chinamulepheretsa si kukwera kwa shuga. Linali dyera, ndi manyazi oti anthu amuone atachepa. Inu amene malonda akukuvutani lero, pirirani, chepetsani, yambaninso pansi ngati kuli kofunika kutero. Chuma chokhwimira sichibwera chaulere, ndipo amene amachilipira ndi munthu wa m'nyumba mwanu, yemwe uja amamwa chimene mwamupatsa osafunsa.